Kodi zigawo zitatuzi ndi za yani?

Kodi munthu wa pa Nkhamenya ndi wa chigawo chiti? Buku la sukulu liyankha mosachedwa: Nkhamenya ali m'boma la Kasungu, Kasungu ali m'chigawo chapakati, nkhani yatha. Koma kaimeni pamsika wa pamenepo, mutchere khutu kwa amayi amene akutsatsa tomato ndi nyemba. Chitumbuka ndi Chichewa zikuyendera limodzi, munthu kuyamba mawu m'chiyankhulo china nkukawamalizira m'chinzake. Mukakwera minibasi yolowera ku Mzuzu, mpando usanatenthe mwafika pa Jenda, ndipo kumeneko ndi ku Mzimba, kumpoto. Mwana wa pa Nkhamenya akapita ku Blantyre kukasaka ntchito, anthu akangomva kayankhulidwe kake amati ndi wakumpoto. Akapita ku Karonga nkutchula Kasungu, amati ndi wa kwa Kamuzu. Mwini wakeyo mukamufunsa kwawo satchula chigawo ayi. Amati kwathu nkwa Kaluluma, kenaka atchula mudzi. Wolondola ndani pamenepa, buku, anthu a m'tauni, kapena mwini mudzi?

Nanga wa pa Likoma? Chilumba chake chidazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, mapiri amene amawaona akadzuka mmawa ndi a tsidya lomwelo, ndipo pakhomo amayankhula Chinyanja. Komabe pa mapu iye ndi wakumpoto, chimodzimodzi Mlambya wa ku Chitipa amene mwina sadakwerepo bwato chibadwire. Awiriwa ali ndi chiyani chofanana chimene wa pa Likomayo alibe ndi msodzi mnzake wa ku Nkhotakota?

Mizere imeneyi adalemba ndani, ndipo ankafuna chiyani? Atsamunda a ku Britain atatenga dziko lino mu 1891 adaligawa monga momwe adalilowera, kutsata madzi. Nchifukwa chake maboma awo oyamba ankatchedwa Lower Shire, Ruo, West Shire, Upper Shire, South Nyasa, West Nyasa ndi North Nyasa. Kumtunda kumene sitima sizinkafika adangotchula anthu amene ankawasowetsa tulo, nkuti Central Angoniland ndi Mombera. Malo a maofesi ndi malinga a asilikali adawapatsa maina achingerezi: Port Herald, Fort Johnston, Fort Manning, Fort Hill. Zigawo zikuluzikulu zidabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1920, boma la ku Zomba litaona kuti ma DC achuluka ndipo pakufunika wina pakati wowayang'anira. Wolemba mizereyo sankafunsa kuti anthu awa amakwatirana ndi yani, amakapempha mvula kuti, mchere ndi makasu amagula kwa yani. Nkhawa yake inali ya msonkho, ndiponso kuti kalata yochokera ku boma lakutali itenga masiku angati kuti ifike pa desiki ya bwanamkubwa.

Titalandira ufulu mu 1964 tidachita changu kufufuta maina. Port Herald adasanduka Nsanje, Fort Johnston Mangochi, Fort Manning Mchinji, Fort Hill Chitipa. Cholo tidamuwongola nkukhala Thyolo, Kota Kota nkukhala Nkhotakota. Zidali bwino zedi. Koma bwanji mizere ikuluikulu ija sitidaikhudze? Kamuzu adangoikamo nduna, ya kumpoto, ya pakati ndi ya kummwera, chipani cha Kongeresi nachonso nkudzigawa motsata mizere yomweyo. Malemu Aaron Gadama adakhalapo nduna ya chigawo chapakati, malemu Gwanda Chakuamba ya chakummwera. Kuyambira pamenepo munthu wofuna mpando, ngongole kapena chifundo cha Ngwazi ankayenera kudzera khomo la chigawo chake. Kodi si nthawi imeneyi pamene tidayamba kuukhulupirira mzere wa wokhometsa msonkho ngati kuti makolo athu ndiwo adaulemba?

Lero nduna za zigawo kulibe. Ndiye tiuzeni, bajeti ya chigawo chapakati ndi ndalama zingati? Nyumba yake ya malamulo imakumana kuti? Ndani mwa inu adaponyapo voti kusankha mtsogoleri wa chigawo chakummwera? Timasankha pulezidenti wa dziko lonse, phungu wa dera ndi khansala wa wodi. Ndalama za chitukuko zimatsikira ku makhonsolo a maboma, a mizinda ndi a matauni. Pakati pa Capital Hill ndi ofesi ya DC palibe mpando wina uliwonse wochita kuvoteredwa. Maboma tili nawo 28, kumpoto 6, pakati 9, kummwera 13, ndipo amenewa amasintha anthu akadandaula za mtunda: Balaka adapatuka ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay, Neno ku Mwanza. Zigawo zokha ndiye zili nji, osasuntha. Chinthu chopanda ofesi yosankhidwa, chopanda thumba la ndalama, chimatha bwanji kutiuza munthu woti timuvotere, woti timulembe ntchito, ngakhale woti akwatire mwana wathu?

Chodabwitsa nchakuti boma lenilenilo likafuna kugwira ntchito, mapu a zigawo zitatu limawaika pambali. Unduna wa zaulimi uli ndi zigawo zake 8, ma ADD aja: Karonga, Mzuzu, Kasungu, Salima, Lilongwe, Machinga, Blantyre ndi Shire Valley. Wa zamaphunziro uli ndi 6, ndipo chimodzi mwa izo, Shire Highlands, chidasonkhanitsa Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu paokha. A zaumoyo ali ndi 5. Apolisi adakhala zaka zambiri ndi zigawo 4, chachinayi chili chakummawa, likulu lake ku Zomba, ndipo pambuyo pake adagawanso chapakati ndi chakummwera. A zanyengo akamalengeza pa wailesi amatchula chigwa cha Shire pachokha, madera okwera a kummwera paokha, madera a m'mbali mwa nyanja paokha, chifukwa akadangoti mawa kummwera kutentha, akadanamiza mmodzi, wa ku Nsanje kapena wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Mabungwe a madzi akadatsatabe mizere yakaleyo, nzoona. Koma ngati mlangizi wa zaulimi, woyendera sukulu, dokotala, wapolisi ndi wolosera mvula onse adaona kuti zigawo zitatu siziwakwanira, watsala ndani amene zimamukwanira?

Mipingo nayo ili ndi mapu ake. Akatolika ali ndi madayosizi 8. A Anglican ali ndi 4, ndipo awiri mwa iwo adatchulidwa madzi, Lake Malawi ndi Upper Shire. Mpingo umene mapu ake amafanana kwambiri ndi a zigawo zitatu ndi wa CCAP, ndipo pali chifukwa chokhulupirira kuti masinodi adalimbitsa mizereyi m'mitima ya anthu kuposa momwe DC aliyense akadathera. Amishoni a Livingstonia adafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed nkukhazikika pa Mvera mu 1889. Aliyense adali ndi sukulu zake, mabuku ake, chiyankhulo chake chophunzitsira, ndipo ana otuluka m'sukuluzo ankadziwana paokhapaokha. Komatu ngakhale apa malire sadali a mwala. Kasungu adali m'manja mwa Livingstonia mpaka m'zaka za m'ma 1920 pamene adaperekedwa kwa a Dutch, ndipo Kamuzu yemweyo, amene ambiri amamuona ngati mwini chigawo chapakati, adayamba kuwerenga m'sukulu za Livingstonia. M'masiku athu ano masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia adakangana zaka zambiri pa malire a cha ku Dwangwa, mapeto ake Livingstonia ili ndi mipingo mu Lilongwe, Nkhoma nayo ili ndi mipingo kumpoto. Ngati abusa adalephera kusunga malire chifukwa nkhosa zidasamuka, andale akuwasungira chiyani?

Ndipo andalewo akudziwa. Zipani zikuluzikulu zili ndi chigawo chakummawa, cha Zomba, Machinga, Mangochi ndi Balaka, chimene pa mapu a zigawo zitatu aja palibe. Kongeresi ili ndi chigawo cha m'mbali mwa nyanja, ndipo kumpoto idakugawa pawiri. Akamakambirana za mavoti paokha amanena za Lhomwe belt, za Lower Shire, za Mzimba payekha. Akakhala m'chipinda chowerengera amadziwa bwino lomwe kuti dziko lino lili ndi zigawo zambiri. Nanga bwanji akakwera pa nsanja zimatsala zitatu?

Mapu amene anthu amayendera tsiku ndi tsiku ndi ena, ndipo ndi olemera kuposa onse tatchulawa. Munthu wa ku Dedza mnzake akamufunsa kwawo, funso lenileni limakhala lakuti kumtunda kapena kunyanja. Wa ku Bembeke amawotha moto mu Juni ndipo amalima mbatata ya kachewere. Wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti, kwa Kachindamoto, amagona pakhonde mu Okutobala chifukwa cha kutentha. Boma ndi limodzi, DC mmodzi, koma moyo ndi uwiri. Ku Ntcheu nchimodzimodzi: Tsangano ndi wa mphepo, kabichi ndi mbatata, pamene Bwanje ndi chigwa chotentha. Pa Lizulu msewu waukulu ndiwo malire a dziko, ogulitsa ndiwo zamasamba ena akuchokera ku Malawi, ena ku Mozambique, ndipo ndi Angoni okhaokha. Ku Neno kuli akumtunda ndi a ku Lisungwi. Ku Zomba kuli a m'tauni, a kuseri kwa phiri ku Chingale, ndi a ku Chilwa amene chaka chawo chimayenda ndi madzi a nyanja imene idaphwa mu 1995 nkudzaphwanso kwambiri mu 2018. Ku Mangochi simunganene kuti mwamudziwa munthu musanamve ngati ndi wa ku Monkey Bay, ku Namwera, kwa Katuli kapena kwa Makanjira.

Kumpoto, kumene ife a m'tauni timakonda kukumanga mtolo umodzi, ndiye kuli maina ochuluka koposa. Anthu a ku Rumphi akakhala paokha sanena za Rumphi. Amati ku Henga, ku Nkhamanga, ku Phoka, kapena kunyanja ku Mlowe. Ku Chitipa kuli ku Ulambya, ku Misuku, ku Wenya, ku Nthalire, ndipo ziyankhulo za boma limeneli simungaziwerenge ndi dzanja limodzi: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina. Ku Karonga kuli Angonde a Kyungu. Ku Nkhata Bay kuli Atonga, ndipo kwa wa ku Usisya kapena ku Ruarwe tsiku lofunika pa sabata ndi limene Ilala imaima pagombe. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse, moti a zaumoyo ndi a zamaphunziro adachita kuligawa pawiri kuti ntchito iyende, ngakhale mafumu a Angoni safuna kumva zoti dziko la M'mbelwa lidulidwe. Anthu onsewa akafika ku Lilongwe amasanduka mtundu umodzi, Atumbuka, ndipo wopanda mwambo amawonjezera dzina lonyoza lija lakuti mbwenumbwenu. Kodi amene amatero adayamba wafunsapo Mngonde kapena Mtonga ngati iye ndi Mtumbuka?

Kuchigwa nako. Wa ku Blantyre amangoti ku Lower, ngati kuti Chikwawa ndi Nsanje ndi bwalo limodzi. Eni ake amayamba ndi mtsinje: East Bank kapena West Bank. Kusiyana kwake si kwa dzina chabe. Tsidya la kumadzulo kuli msewu wa tala, kuli nzimbe za pa Nchalo, kuli maboma onse awiri. Tsidya la kummawa, kuyambira pa Thabwa kutsika mpaka ku Muona ndi ku Makhanga, munthu amadalira msewu umene mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo imaudula dzinja lililonse. Chikokolokereni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, wa ku Makhanga wofuna kukafika ku boma lake la Nsanje amawoloka pa bwato, apo ayi azungulire mtunda wautali kudzera ku Chikwawa. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adasandutsa dera limeneli chilumba. Ndiye wina aimirire pa msonkhano nkunena kuti chitukuko chonse chidapita kummwera. Kummwera kwake kuti? Ku Makhanga?

Maina a anthuwa ali ndi ntchito. Mukamva kuti kwa Makanjira, mwamva kale za msewu umene anthu aulira kwa zaka zambiri, za usodzi, za ana osiya sukulu kutsata nyanja kapena ulendo wa ku Joni. Mukamva kuti ku Misuku, mwamva khofi, nthochi ndi zitunda. Mukamva kuti ku Bwanje, mwamva mpunga ndi ulimi wothirira. Koma mukamva kuti chigawo chapakati, mwamva chiyani? Mzinda wa Lilongwe ndi Ntchisi zili momwemo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, 13 mwa 100 alionse kumpoto, 43 pakati, 44 kummwera. Boma la Lilongwe lokha, kuphatikiza mzinda, lili ndi anthu ambiri kuposa chigawo chonse chakumpoto, pamene Likoma sadakwane anthu 15,000. Chiwerengero chimene chaphatikiza wa ku Area 43 ndi wa kwa Nthondo nkutulutsa nambala imodzi chikutiuza za yani?

Ngakhale mbewu ndi ukwati sizitsata mizereyi. Fodya amalimidwa ku Mchinji, Dowa ndi Kasungu, nkupitirira mpaka ku Mzimba ndi Rumphi, ndipo misika yake ili ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Tiyi ali ku Thyolo ndi Mulanje, alinso ku Nkhata Bay. Nzimbe zili ku Nchalo, zilinso ku Dwangwa. Thonje lili ku Chikwawa, Balaka, Salima ndi Karonga. Mlimi wa fodya wa ku Rumphi ndi wa ku Dowa mutu umawapweteka nthawi imodzi, nthawi yotsegulira misika. Pa zaukwati, Msena wa ku Nsanje amalowola monga amachitira Mngoni wa ku Mzimba, ana nkukhala a kuchimuna, pamene Mlhomwe wa ku Phalombe ndi Mchewa wa ku Dowa onse amadziwa chikamwini ndi mphamvu za malume. Ndipo mafumu athu aakulu sadafunsepo mapu a atsamunda: Achewa a ku Malawi amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia.

Wina ati, nanga zisankho? Si izo zimaonetsa poyera kuti zigawo ndi zenizeni? Chisankho cha 1994 ndicho chimatchulidwa nthawi zonse: a Bakili Muluzi adapeza 47 pa 100, mphamvu zawo zili kummwera, Kamuzu 33, pakati, malemu Chakufwa Chihana 19, kumpoto. Zoonadi zidaoneka ngati kalembera wa zigawo. Koma yang'anitsitsani boma ndi boma. Ntcheu, amene ali m'chigawo chapakati, adavotera matipate pa riferendamu ya 1993 pamene anansi ake ambiri adakakamira chipani chimodzi, ndipo mu 1994 adavotera a Muluzi. Nsanje, kumapeto kwenikweni kwa kummwera, adatsamira kwa Kamuzu chifukwa cha Mbuya Gwanda. Ku Salima ndi ku Nkhotakota UDF idapeza mavoti ochuluka ndithu. Kenaka mu 2009 malemu Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo, adapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mavoti a dziko lonse, ndipo kumpoto adakukolola pafupifupi konse. Anthu adavotera chimanga chimene chidali m'nkhokwe. Ngati chigawo chili m'magazi, chidapita kuti chaka chimenecho?

Khothi litagamula pa 3 February 2020 kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ambiri adaganiza kuti ndale za zigawo zafa. Zimene taona nzakuti masamu ake adangosintha. Tsopano chipani chilichonse chikamasankha wachiwiri kwa mtsogoleri, funso loyamba limakhala lakuti abweretsa chigawo chiti. Abweretsa bwanji? Adachigula kuti? Anthu a ku Chitipa adakhala pansi liti nkupatsa munthu mmodzi wa ku Mzimba mavoti awo kuti akagulitse ku Lilongwe?

Tisanamizane, kudandaula kwa anthu akumpoto si nthano. Atsamunda omwe ankakutcha dera lakufa, nkumakuona ngati kochokera anthu opita ku migodi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Kongeresi udakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chidabwerera pa MBC mu 1994. Ife amene tikulemba ndi kuwerenga m'Chichewa tisamaiwale kuti pali ena amene mbiri ya chiyankhulo chathu imawakumbutsa bala. Mu 1989 Kamuzu adalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, mabanja nkusweka, sukulu za pakati ndi kummwera nkutsala zopanda aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Ndondomeko ya kota posankha ana opita ku yunivesite idayamba m'zaka zomwezo, khothi lidaikana mu 1993, a Bingu adaibwezeretsa mu 2009, chaka chomwe chija adalandira mavoti a kumpoto, ndipo idathetsedwa mu 2020. Munthu amene adamenyedwa chifukwa cha dzina lakuti wakumpoto ali ndi chifukwa chomveka cholikumbatira dzinalo. Amene adalipatsa mphamvu si iye. Ndi boma limene lidamuuza, kudzera m'kalata yomusamutsa, kuti Malawi wake amathera pa Jenda.

Koma funso likadalipo. Chilonda chimenechi chichira ndi mankhwala omwe adachiyambitsa? Dzina lakuti kumpoto likamveka pa msonkhano, phindu lake limafika ku Nthalire, ku Khosolo ndi ku Usisya, kapena limathera pa mipando ingapo ya unduna ndi ukazembe? Ndipo pamene tikukangana za zigawo, ndani akuyankhulira Neno, Ntchisi, Chingale ndi East Bank, madera amene amawerengedwa kuti ali m'zigawo zodyerera pamene anthu ake amanyamulabe odwala pa machira?

Pali mzere wina umene timaulemba tokha ndi cholembera. Fomu ya chiphaso cha unzika, ya pasipoti, ya sukulu, ngakhale ya ntchito zambiri imafunsa boma lochokera, mfumu yaikulu ndi mudzi. Sifunsa kumene munthu wakulira kokha. Imafuna kwawo. Mwana wobadwira ku Ndirande, amene adaphunzira ku Ndirande, bambo ake a ku Karonga, mayi ake a ku Thyolo, alembe chiyani? Akatsata mwambo wa bambo alemba Karonga. Akatsata wa mayi alemba Thyolo. Konse kuwiri mwina adangopitako ku maliro. M'masiku a kota yankho lake likadatha kumulowetsa ku Chancellor College kapena kumusiya pakhomo, ndipo si chinsinsi kuti mabanja ena ankasankha boma loti mwana alembe poyang'ana kumene mpikisano uli wochepa. Mapu a mwana ameneyu ndi Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Mbayani. Mnzake wa ku Lilongwe amadziwa Kawale, Mchesi, Mtandire ndi Area 25, wa ku Mzuzu Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuba. Nzomveka kuti boma lifune kudziwa mfumu imene ingachitire umboni kuti munthu ndi Mmalawi. Koma wolemba ntchito ya ukalaliki akufuna mudzi wa agogo kuti atani nawo? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho. Bokosi limenelo pa fomu ya ntchito limathandiza kusunga lamuloli, kapena limathandiza woliphwanya kuti asavutike nkufufuza?

Chisankho cha 2014 chitangotha kudabuka mkangano wa boma la fedulo, ndipo umabwereranso nthawi ndi nthawi. Ofuna fedulo ali ndi mfundo imene sitingaikane: mphamvu ndi ndalama zaunjikana malo amodzi, ndipo zinthu zing'onozing'ono zimadikira siginecha ya ku Lilongwe. Koma atiuze, fedulo ya mizere iti? Likulu la kumpoto likakhala Mzuzu, wa ku Misuku adzasiya kudandaula, kapena adzangosintha dzina la amene akumudyera masuku pamutu? Wa ku Nsanje adzakondwa kulamulidwa kuchokera ku Blantyre? Mangochi adzalola kukhala pansi pa Thyolo? Ntcheu adzapita kuti? Walira mvula walira matope: tsiku limene zigawo zidzakhale ndi thumba la ndalama, aliyense adzafuna chigawo chake, ndipo maina onse aja, Henga, Bwanje, East Bank, adzatuluka ndi zikwangwani.

Chomvetsa chisoni nchakuti njira yoperekera mphamvu ku madera tili nayo kale, ndipo tidaiponderezera tokha. Lamulo la maboma aang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998. Makhansala adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala lopanda khansala ngakhale mmodzi mpaka 2014. Nyumba ya Seneti, imene ikadapatsa boma lililonse mawu ofanana posayang'ana kuchuluka kwa anthu, aphungu adaifufuta m'malamulo mu 2001 isanakhale nkomwe. Zonsezi zikuchitika, omenyera ufulu wa zigawo adali kuti? Adali m'Nyumba ya Malamulo momwemo, a kumpoto, a pakati ndi a kummwera, ndipo ambiri a iwo sadafune khansala wopikisana nawo pa dera. Bwanji munthu amene akuti akufuna mphamvu zipite ku chigawo amachita mantha zikati zipite ku khonsolo ya kwawo?

Ofesi ya kalembera ku Zomba ili ndi ziwerengero zofika mpaka pa dera la mfumu yaikulu iliyonse. Unduna wa zachuma umadziwa ndalama zimene khonsolo iliyonse idalonjezedwa ndi zimene idalandiradi. Palibe chimene chikuletsa kuti ziwerengero ziwirizi ziziikidwa pamodzi chaka chilichonse, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina, nkumatidwa pa bolodi la kwa DC ndi pa chipatala chaching'ono chilichonse. Manyuzipepala ndi mawailesi nawo, akamalengeza nduna zatsopano, amathamangira kuwerenga kuti zakumpoto ndi zingati, zakummwera zingati. Ndi angati amene amawerenga kuti mwana wa ku Katuli amayenda makilomita angati kukapeza sekondale, kapena kuti namwino mmodzi wa ku Wenya amasamala anthu angati?

Aphungu tsopano alipo 229, kuchoka pa 193. Aliyense wa iwo adasankhidwa ndi dera limene lili ndi dzina, mitsinje yake ndi milatho yake yothyoka. Nduna ya zachuma ikadzaimirira kuwerenga bajeti ikubwerayi, tidzamva ndithu wina akudandaula kuti chigawo chake chaiwalidwa, anzake nkumenya matebulo. Kodi padzapezeka mmodzi wofunsa kuti pa ndalama za chaka chatha, zingati zidafika ku Makhanga, zingati ku Usisya, zingati kwa Nthondo, ndipo adasainira ndani?